Ku Dar ndi azakhali, ine ndi chizungu changa cha MSCE

Lolemba, Mzuzu

Tafika pa Mzuzu cha m'ma 3 koloko masana, msana ngati andimenya ndi mpini. Ku Chikangawa kunali chifunga choti dalaivala amangoyenda ngati akuperekeza maliro, mitengo ya paini ija ndinkaiona m'mabuku a Social malo ambiri kwangotsala zitsa.

Amene simukudziwa, ndikuperekeza azakhali anga ku Dar es Salaam, ku Tanzania, kukapikula zitenje ndi nsapato. Iwo njira imeneyi ayiyenda zaka zoposa 15, ine nkoyamba, pasipoti ikadali mbee. Ananditenga chifukwa maso ayamba kuwavuta ndiye amafuna wowawerengera malisiti ndi kuwagwirira chikwama, koma ine mumtima ndinkati ayi ndikupita ngati womasulira, si ndili ndi kirediti ya English pa MSCE pomwe iwo analekezera Sitandade 5 ku Dowa konko. Kkkk dikirani mumve.

Tisanapite kogona tinadzera ku Taifa market kuti azakhali aone mitengo ya zitenje kuno, akadziwe poyambira kunenerera kutsogoloko. Dzina la msikawo ndi la Chiswahili kale, taifa ndiye dziko. Ine ndinatsogola, kufika pa benchi ya mayi wina, "ichi nzingati mayi?" Anatchula mtengo maso ali pa foni, osadzutsa ndi mutu omwe. Azakhali anazungulira kaye mbali ina, kenako nkutulukira pa benchi yomweyo ngati sitikudziwana. "Monire mama, muli uli? Wana wali makora?" Mayi aja foni pansi, kumwetulira mpaka usinini, nkhani ya ana, nkhani ya mvula, nkhani ya kukwera kwa fetereza, mphindi zisanu zathunthu chitenje sichinatchulidwe. Pomaliza ndi pomwe anati "ni zilinga ichi?" Mtengo unali wotsika ndi K1,500 kuyerekeza ndi umene anandiuza ine. Chitenje chomwecho amwali, asanayambe nkomwe kunenerera.

Chitumbuka cha azakhali nchopindika, ngakhale ine ndimamva kuti apa Chichewa chalowerera, anachitola pomwe ankakhala ku Ekwendeni ndi malemu amuna awo. Ndinafunsa anzawo a ku Rumphi amene tagona kwawo, omwenso tikupitira limodzi, kuti nanga mayi aja anakomedwa ndi chani. Akuti mwana iwe sukudziwa, mu 1968 Kamuzu atalamula kuti chiyankhulo cha dziko ndi Chichewa, Chitumbuka anachichotsa pa wailesi ndi m'masukulu, chinadzabwerera pa wailesi mu 1994. "Ife chanucho tinachiphunzira ndi chikwapu, ndiye wa ku Dowa akabwera nkuyesako chathu ngakhale molakwitsa, ameneyo ndi mlamu basi." Ndinangoti zii nkumamwa tiyi wanga.

Lachiwiri, Kyela

Netiweki ya kwathu yathera pa mlatho, ndikulemba izi ndi foni ya azakhali yomwe ili ndi simu ya kuno.

Kutsetsereka pa Chiweta nyanja ili pansi apo buluu, ndinaiwala kuti ndine munthu wamkulu, kumangoti eee eee pawindo. Karonga kotentha ngati mu uvuni. Tinadya mbalaga, nthochi zophika pamodzi ndi nyama zija, ndipo ndikupepesa kwa onse a ku Karonga amene ndinkawaseka ku sukulu kuti nthochi si chakudya. Chakudya ndithu.

Kuyambira pa Karonga kupita ku Kaporo azakhali anasinthanso giya. Chitumbuka pansi, "mwaghona" kwa mayi wa mpunga, "ndaga fijo" polandira chenje. Ndinawafunsa kuti kodi Chinkhonde mumachidziwanso? Akuti ayi, ndimadziwa mawu osakwana khumi, koma khumi amenewo ndi amene amagula mpunga. Kwinako akuti mayi wogulitsayo amasinthira yekha ku Chichewa chifukwa waona kuti mwayesetsa.

Pa boda ya Songwe zodinda zinayenda bwino, nkhani inali kwa anyamata osintha ndalama. Amakuzinga ngati njuchi, aliyense mpukutu m'manja. M'basi azakhali anali atandiloweza kale manambala, moja mbili tatu nne tano, zimenezi nzosavuta chifukwa ndi modzi wiri tatu nayi sanu wathu yemweyu wangovala malaya ena, koma kuyambira sita ndi saba mutu umayamba kutentha, kenako mia ndi 100, elfu ndi 1,000, laki ndi 100,000. Mnyamata wathu ankandilankhula ine Chichewa chabwinobwino cha sisi sisi musadandaule, uku akuwerenga mwaliwiro ngati makina a ku banki, nkuponyera mnzake mawu awiri atatu a Chiswahili chapansipansi. Azakhali anali chete nthawi yonseyi ngati gogo wakumudzi amene sakumva kanthu. Atatipatsa mpukutu anangoti "hesabu tena, polepole." Werenganso, pang'onopang'ono. Nkhope ya mnyamata uja inagwa. Mapepala awiri a mashilingi 10,000 anatulukira pansi pa chala chaching'ono, iye nkumaseka eti mama kumbe unajua. Azakhali sanakalipe, anasekanso, mpaka anamufunsa za mayi ake. Akuti ukamukalipira mawa umusowa, amene wagwidwa kamodzi sakuberanso.

Tsidya lino pa Kasumulu amayi a nthochi akulankhula Chinyakyusa, chomwe kwa ine ndi Chinkhonde chomwe chija ndinachimva ku Kaporo, ndaga yemweyo. Mmodzi anatiuza kuti mchemwali wake anakwatiwa tsidya la Malawi ndipo munda wawo wina mtsinje unaupititsa uko utasintha njira, poti Songwe amasunthasuntha nthawi ya mvula. Anadandaulanso za April 2025 pomwe maboma awiriwa anatsekerana katundu wa kumunda masiku angapo, akuti nthochi zinapsera m'madengu anthu akungoyang'anizana pa mlatho.

Tsono manyazi a lero. Ndinapita ndekha kukafunsa nthawi ya basi ya mawa, ndi English yanga. Bambo wa matikiti anandiyang'ana nkuyankha "saa kumi na mbili." Kumi na mbili ndi 12, ndawerenga bwino ndi zala, ndabwerera monyadira kuti azakhali mawa tigone mpaka dzuwa litiwotche, basi ndi ya 12 koloko. Anzawo a ku Rumphi anaseka mpaka kutsamwa ndi chipsi. Kani kuno tsiku amayamba kuliwerenga dzuwa likatuluka, 7 koloko m'mawa ndiye saa moja, ndiye 12 yawo ndi 6 koloko m'mawa yathu. Kuonjezera apo wotchi ya Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, kutanthauza kuti kwathu ikhala ili 5. Tikanatsalira pa Kyela chifukwa cha womasulira.

Lachitatu, m'basi tsiku lonse

Palibe zambiri, matako afa. Tukuyu kozizira, minda ya tiyi ngati ku Thyolo. Pa Kitonga ndinatseka maso ndikupemphera, msewu wokhotakhota phompho lili pambali. Ku Mikumi msewu umadutsa mkati mwa paki ndipo ndaona akadyansonga atatu ndi mbidzi zili phee m'mbali mwa tala, ulere.

Kondakitala akumatitchula tonse kuti dada. Anzawo a azakhali akuti zaka zonsezi sanazolowerebe, poti kwawo ku Rumphi dada ndi bambo, ndiye mwana wamwamuna wandevu zake akawaitana kuti dada amafuna kucheuka kuona ngati malemu bambo awo akwera nawo. Kuno dada ndi chemwali.

Azakhali andiphunzitsa kuti munthu wamkulu umayamba ndi shikamoo, iye ayankhe marahaba, ndipo usayerekeze kufunsa mtengo usanapereke moni. Tafika pa siteshoni ya Magufuli ku Mbezi usiku kwambiri, chinyumba chosanja ngati bwalo la ndege, ine kukamwa yasa.

Lachinayi, Kariakoo

Amwali. Tengani msika wa Lilongwe, muphatikize Limbe yense, muthiremo Mchesi ndi Tsoka, muwiritse pa dzuwa la ku Nsanje, mwina mufikako theka. Nyumba zosanja ndipo chipinda chilichonse ndi shopu, pansi pa nthaka shopu, pamakwerero shopu. Bajaji, njinga zamoto, anyamata a zikuku akukuwa kuti muwapatse njira, ndipo ukaima kuti uganize wagundidwa.

Mwini malo amene tikugona anandiuza kuti dzina loti Kariakoo linachokera ku Carrier Corps, gulu la anthu onyamula katundu wa asilikali a Britain pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ankasonkhanitsidwa pamalo pano. Ndinakumbuka za amtengatenga a kwathu amene agogo ankasimba, nkhondo yomweyo. Mpaka lero anthu ake ndi onyamula katundu pamutu basi, kungoti pano ndi mabelo a zitenje. Chinyumba chachikulu cha msika chija chinapsa ndi moto mu 2021 koma malonda enieni a ife ali m'misewu yozungulira, Congo, Msimbazi, Aggrey, Uhuru.

Shopu yoyamba ndinati ndidziombole pa manyazi a ku Kyela. "Excuse me, how much is this one?" Mtsikana wa mu shopu anandiyang'ana kuyambira ku nsapato, nkutchula 28,000. Azakhali anandiponda chala. Kunja anandiuza kuti kuno chizungu ndi chiyankhulo cha munthu amene ndalama zikumuyabwa, ukachitulutsa wadzikwezera wekha mtengo, bola kukhala bubu nkumaloza ndi chala. Shopu yachiwiri chitenje chonga chomwecho iwo anayamba ndi za kuuma kwa dzuwa, kenako bei gani, kenako "punguza mwanangu, mimi mteja wako," nditsitsire mwana wanga ndine kasitomala wako, munthu akumuona koyamba. Anathera pa 19,000 potenga zambiri. Ndaona kuti mawu oitanira munthu amawasankha ngati ndiwo, wamng'ono ndi mwanangu, wofanana naye msinkhu ndi dada, wachikulire wovala hijabu amayamba ndi salaam aleikum ngakhale iwo ndi a Mvano a CCAP ndipo yunifolomu yoyera ili m'chikwama.

Mawu amene andipusitsa lero ndi ambiri. Mnyamata wina ananditsatira akuti "nauza, nauza," ine nkumadikira kuti andiuze chani, kani kuuza kuno ndi kugulitsa. Wina wa madzi akuti "buku," ine ndati sindikufuna buku ndikufuna madzi, kani buku ndi 1,000, jero ndi 500, ndipo pepala lofiira la 10,000 amalitcha msimbazi chifukwa timu ya Simba yovala zofiira likulu lake lili mu msewu wa Msimbazi momwemu. Kenako ndamva akuti awa onse oyala pansi ndi amachinga, ine mtima phaa kuti eee anthu akwathu achuluka chonchi, ndinatsala pang'ono kufunsa ngati ali a ku Liwonde kapena Ntaja. Machinga ndi mavenda chabe.

Madobadoba aliponso, kuno amati mawinga. Alibe shopu, amakugwira pamsewu nkukutengera kwa mwini katundu, yake ndi ya pamwamba. Amenewa ndiye akatswiri, amayang'ana chitenje chimene wavala ndi mmene wamangira mpango nkudziwa kwanu. Mmodzi anatiponyera "muli bwanji amayi, zitenje zilipo," tisanatsegule pakamwa, nthawi yomweyo watembenukira amayi awiri a ku Zambia ndi "mulishani," kenako gulu la a ku Congo akuwalankhula zosakaniza ndi French. Atamva kuti ndife a Malawi anakuwa "Peter Banda!" poti mnyamata uja anasewerako Simba. Chichewa chake chonse chimathera pa zitenje ndi mpira koma amadyera chomwecho.

Amayi a ku Congo ndimawapatsa ulemu. Chiswahili chawo akuno amachiseka kuti nchokhota, iwo alibe nazo ntchito, amalankhula mokweza ngati shopu ndi yawo, akakanika amalanda kakyuleta ya mwini shopu nkulemba mtengo wawo, iye afufute alembe wake, iwo afufutenso. Mu shopu ina ya nsapato ya Mtchaina malonda onse anatha chomwecho, mawu amene ndinamva ndi "hapana" ndi "sawa" basi.

Lachisanu, Kariakoo kachiwiri

Lero ndiye tagwidwa ife.

Njira ya azakhali ndi anzawo ndi yoti akalowa mu shopu amanenerera mu Chiswahili, koma zokambirana zawo zamseri amachita mu Chichewa pamaso pa wogulitsa pomwepo. Dzulo lonse zinayenda. Lero tinalowa kwa mayi wina wonenepa bwino, wachete, ali ndi ma wax okongola zedi. Azakhali nkhope yakwinya ngati katundu sakuwasangalatsa, akugwira nsalu monyansidwa, uku akundiuza ine mu Chichewa kuti "mwana iwe izi nzabwino kwabasi, ku Area 25 zikatha tsiku limodzi, ngakhale akakamire pa 22 titenga, koma tiyambe ndi 16 timuone mayi wakeyu akuoneka wogona." Mayi uja anapitiriza kupinda nsalu zake. Kenako osatiyang'ana nkomwe anati, "Wogona ndine? Tengani pa 22 pomwepo mwanena."

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Anzawo a ku Rumphi anathawira panja ndi chiseko. Kani mayiwa kwawo ndi kufupi ndi Mbamba Bay, tsidya la nyanja moyang'anana ndi Nkhata Bay, ndipo kumeneko kuli anthu olankhula Chinyasa chomwe ndi Chinyanja chathu chomwechi, kungosiyana kakomedwe. Akuti amamva a Malawi akumujeda mu shopu mwake chaka ndi chaka, ena amawasiya, ena amawayankha akaona kuti ndi anthu oseka. Azakhali anagwada ndithu pa simenti, pepani achemwali pakamwa ndi pamene panalakwa. Zinathera pa 20, soda waulere aliyense, manambala a foni apatsana, ndipo mayi aja anafunsa ngati ulendo wina tingawabweretsere chambiko ndi nsinjiro. Potuluka azakhali anauza anzawo kuti kuyambira lero zamseri tizinena mu Chitumbuka. Ine ndiye ndatsala panja pa zonse.

Masana mashopu ena anatseka kaye anthu apite ku mzikiti ndiye tinakhala pamthunzi ndi mayi wina wa ku Mangochi amene tikugona naye nyumba imodzi. Iye zake zimayenda mosiyana, mnyamata amene amamunyamulira katundu ndi Myao wa ku Tunduru, amangolankhulana Chiyao ngati ali pa Namwera, ndipo akuti katundu wake sanasowepo ngakhale kamodzi chifukwa mnyamatayo amamutenga ngati mayi ake aang'ono. Ndinatchula zoti a Chakwera ananena mu 2023, a Samia, pulezidenti wa Tanzania, atabwera ku Malawi, kuti Chiswahili chiyambe kuphunzitsidwa m'masukulu mwathu. Azakhali akuti akafuna aphunzitsi abwere adzatenge amayi a m'basi ya ku Dar, koma alipire bwino. Akutinso theka timalidziwa kale osazindikira, ndege, boma, galimoto, zonsezi zinatsika ndi anthu a kunyanja yamchere kalekale.

Madzulo tinagula makanga ochepa. Kanga si chitenje, ndi yopepuka, imagulitsidwa ziwiriziwiri ndipo m'munsi mwake mumakhala mawu. Apa ndiye ntchito yanga inapezeka, kuwerenga mokweza poti zilembo azakhali saziona bwino, iwo nkumamasulira. Samagula asanamve mawuwo. Akuti kale anatengako mulu osawerenga, ina inalembedwa kuti "mwenye wivu ajinyonge," wansanje adzimangirire, kasitomala wawo anagula nkukapatsa apongozi ake ngati mphatso ya Khirisimasi, apongoziwo anakulira ku Karonga. Nkhani inafika kwa ankhoswe. Ine anandisankhira yolembedwa "usisafirie nyota ya mwenzio," usayendere nyenyezi ya mnzako. Sindikudziwa ngati akundinena.

Loweruka

Kumanga katundu, kulemba dzina pa thumba lililonse ndi maka, kukangana ndi anyamata a sikelo. Azakhali akhala theka la tsiku akutumiza ma voice note pa WhatsApp, ina Chiswahili kwa mayi wa ku Mbamba Bay kuti awasungire mtundu wina wa wax, ina Chitumbuka kwa kasitomala wa ku Mzimba, ina Chichewa chokalipa kwa mwana wawo amene watsala pa benchi. Kulemba salemba, chilichonse ndi pakamwa. Ndawerengera kuti chiyambire Lolemba alankhula ziyankhulo zitatu ndi theka, theka lake ndi Chinkhonde chija. Ine chizungu ndachigwiritsa ntchito kawiri ndipo kawiri konse tinaluza nacho.

Mpamba wachepa poyerekeza ndi kale, akuti chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023 matumba amene ankabwera nawo asanu pano ndi atatu. Nsapato tatenga zochepa.

Lamulungu usiku, Karonga

Tawoloka. Pa Kasumulu ndinapempha kuti nthochi za m'njira ndigule ndekha, azakhali aime patali. Pa dengu panali kamtsikana ka zaka mwina 10, mayi ake atachokapo. Ine ndi mantha anga ndinangoti "shikamoo." Kamwana kanandiyang'ana, kuyang'ana anzake, kenako nkuyankha ndi mawu a gogo "marahabaaa," msika wonse wa nthochi kugwa ndi phwete. Ndinalimba mtima, bei gani, akuti buku mbili, ine punguza mwanangu, akuti buku jero, ndapereka 1,500 nkunena ndaga fijo. Kanandionjezera nthochi ziwiri, kaya chifukwa cha chisoni kaya.

Azakhali akuti phava lomwelo iwo akanagula buku. Basi ya ku Lilongwe inyamuka 6 koloko m'mawa, 6 yathu ino, ndafunsa kawiri.